Gulu la U2: Kalumo ka Mlendo ndi Mau a Eni Mudzi

Makolo adasiya miyambi iwiri yonena za mlendo, ndipo munthu woimva koyamba angaganize kuti ikutsutsana. Woyamba umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye kuti munthu wochokera kutali nthawi zina amathetsa vuto limene lidakanika eni mudzi. Wachiwiri umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi yonse iwiri ndi yoona, ndipo umboni wake ukupezeka m'mbiri ya gulu loimba la U2 la mu mzinda wa Dublin m'dziko la Ireland, limene kwa zaka zoposa 40 lakhala likuphatikiza nyimbo ndi nkhani za nkhondo, njala, ngongole za maiko osauka ndiponso matenda a Edzi.

Anthu okamba za gululi agawika pawiri. Alipo amene amalitama nanena kuti amuna anayi a magitala ndi ng'oma adapulumutsa miyoyo yosawerengeka mu Africa. Aliponso amene amalinyoza, nati awa ndi anthu achuma amene amatsukira mbiri yawo m'misozi ya amphawi. Onsewa akulumpha mfundo. Mlandu wotere suweruzidwa ndi chikondi kapena kaduka, koma poyang'ana chimene gululi lidachita, kumene lidachitira, ndi amene adali eni nkhaniyo. Wofufuza motero adzapeza kuti mau a U2 adali olemera kopambana pamene gululi linkaimba za bala la dziko lakwawo. Adzapezanso kuti litatembenukira ku mabala a maiko ena lidagwira ntchito yooneka ndi maso, imene munthu wachilungamo sangaikane, koma kuti ntchitoyo idali ya mlendo, ndipo idalakwika paliponse pamene idaphimba mau a eni ake.

Anyamata a ku Mount Temple

M'chaka cha 1976 mnyamata wa zaka 14, Larry Mullen, adamata kapepala pa bolodi la zidziwitso pa sukulu ya Mount Temple ku Dublin, kuitana anzake ofuna kuyambitsa gulu loimba. Adakumana koyamba m'khitchini ya makolo ake. Mwa amene adabwera, atatu ndiwo adakhalitsa: Paul Hewson, amene dziko lidadzamdziwa ndi dzina loti Bono, ndiye woimba, David Evans, wotchedwa The Edge, ndiye wa gitala, ndi Adam Clayton wa gitala ya besi. Mullen mwiniwake ndiye wa ng'oma. Dzina loti U2 adalitenga mu 1978, ndipo chimbale chawo choyamba, Boy, chidatuluka mu 1980. Kuchokera nthawi imeneyo eni gululi ndi anayi omwewo, ndipo adapangana kuti ndalama za nyimbo zawo azigawana mofanana, chinthu chimene chaphwasula magulu ambiri oimba.

Poyamba anyamatawa sankatha kuimba bwino nyimbo za anthu ena, kotero adakakamizika kupeka zawo. Umphawi wa luso umenewu ndiwo udabala kamvekedwe kawo. The Edge sathamangitsa zala pa gitala monga achitira akatswiri ena. Iye amakhudza nsambo zowerengeka, ndipo makina amabweza kulirako kangapo monga mau a munthu wofuula pakati pa mapiri. Mullen adaphunzira ng'oma m'magulu oguba a mu Dublin, ndipo kaimbidwe kake kamakumbutsa asilikali pa perete. Pamwamba pa zimenezi pamadza mau a Bono, amene nthawi zambiri amamveka ngati pemphero la munthu wosweka mtima. Atatu mwa iwo adali m'kagulu ka mapemphero kotchedwa Shalom, ndipo nthawi ina adatsala pang'ono kusiya kuimba poganiza kuti ntchitoyi ikutsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Nyimbo yawo yotchedwa "40" idachokera mu Salimo 40.

Kuti munthu amvetse nyimbo zawo ayenera kudziwa nthaka imene idazimeretsa. Chilumba cha Ireland chidagawidwa mu 1921, ndipo maboma ang'onoang'ono 6 a kumpoto adatsalira mu ulamuliro wa Britain. Kumpotoko anthu ambiri a mpingo wa Katolika ankafuna kuti chilumba chonse chikhale dziko limodzi, pamene ambiri mwa Apulotesitanti ankafuna kukhalabe ndi Britain. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kufikira 1998 mkanganowu udapha anthu oposa 3,500. Bono adakulira pa malire enieni a udaniwu, pakuti atate ake adali Akatolika ndipo amayi ake adali Apulotesitanti. Amayiwo adamwalira mu 1974 iye ali ndi zaka 14, ndipo chaka chomwecho, pa 17 Meyi, mabomba adaphulika ku Dublin ndi ku Monaghan napha anthu 33.

Bala la kwawo

Pa 30 Januwale 1972, tsiku Lamulungu, asilikali a Britain adaombera anthu opanda zida mu mzinda wa Derry, amene ankaguba potsutsa lamulo lotsekera anthu m'ndende popanda kuzenga mlandu. Anthu 13 adafa tsiku lomwelo, ndipo wina adamwalira patapita miyezi. Nyimbo ya "Sunday Bloody Sunday", ya m'chimbale cha War cha 1983, idatenga dzina lake pa tsiku limeneli. Anthu a ku Ireland ali ndi nyimbo zambiri zotamanda amene adanyamula zida polimbana ndi Angerezi, kotero ambiri ankayembekezera kuti iyi ndi inanso yoitana kubwezera. Koma nyimboyi idakana kutero. Ng'oma yake ndi ya asilikali, koma uthenga wake ndi wa munthu amene watopa ndi kuona mitembo m'misewu, kaya ndi ya mbali iti. Poiimba, Bono ankayamba wachenjeza anthu kuti iyi si nyimbo ya oukira, ndipo ankanyamula mbendera yoyera.

Chiyeso chenicheni chidadza pa 8 Novembala 1987. Tsikulo gulu la zida la IRA, lomenyera kugwirizanitsa chilumbachi, lidaphulitsa bomba m'tauni ya Enniskillen pamene anthu adasonkhana kukumbukira amene adafa pa nkhondo zikuluzikulu, ndipo anthu 11 adafa. Usiku womwewo U2 inkaimba ku Denver m'dziko la America. Pakati pa nyimbo ija Bono adaleka kuimba nayamba kudzudzula anthu a mtundu wake okhala ku America, amene ankatamanda nkhondoyo ali kutali ndi utsi wake. Zimenezi zidajambulidwa ndipo zidatuluka m'kanema wa Rattle and Hum mu 1988. Kudzudzula mdani nkosavuta, ndipo kumabweretsa kuomba m'manja. Kudzudzula abale ako amene ali ndi mfuti, podziwa kuti mawa ubwerera kukagona kwanu, kumafuna mtima wina.

Patapita zaka 11, pa 19 Meyi 1998, kutatsala masiku atatu kuti anthu aponye voti yovomereza kapena kukana mgwirizano wa mtendere wa pa Lachisanu Loyera, Bono adaimirira pa nsanja ya Waterfront Hall ku Belfast pakati pa John Hume ndi David Trimble, atsogoleri a mbali ziwiri zija, nakweza m'mwamba manja a onse awiri. Kumpoto kwa Ireland anthu 71 mwa 100 alionse adavomereza mgwirizanowo. Mtenderewo sudabwere ndi gitala, pakuti udadza ndi zaka zambiri za zokambirana zowawa, ndipo Hume ndi Trimble ndiwo adalandira mphotho ya Nobel chaka chimenecho. Koma chithunzi cha manja okwezedwawo chidafika m'nyumba zambiri panthawi imene anthu ankakayika. Za ku Derry nazo zidadzamveka mu 2010, pamene nduna yaikulu ya Britain, David Cameron, idapepesa pambuyo pa kafukufuku wa Lord Saville, amene adapeza kuti ophedwawo adalibe mlandu.

Pa nkhani yonseyi palibe amene angafunse U2 kuti idatumidwa ndi yani. Awa adali eni maliro. Ankadziwa maina a misewu, ankadziwa mipingo, ndipo zotsatira za mau awo zinkagwera iwo eni ndi ana awo.

Njala ya ku Ethiopia

Njira yochokera ku Dublin kupita ku Africa idadzera m'njala. Anthu a ku Ireland saiwala zaka za 1845 mpaka 1852, pamene matenda adaononga mbatata ya kachewere, anthu pafupifupi miliyoni imodzi nafa, ndipo miliyoni ina nathawira kunja. Tsono pamene wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia mu Okutobala 1984, sizodabwitsa kuti woimba wina wa ku Ireland, Bob Geldof, ndiye adasonkhanitsa anzake kuti ajambule nyimbo yopezera ndalama, ndipo Bono adali mmodzi mwa iwo. Pa 13 Julayi 1985 U2 idaimba pa chikondwerero cha Live Aid pa bwalo la Wembley ku London, ndipo tsiku limenelo ndilo lidadziwitsa gululi ku dziko lonse. Apa mpoyenera kunena poyera kuti njala ya ku Ethiopia idakweza mbiri ya U2, ngakhale kuti gululi silidakonze zimenezo.

Chaka chomwecho Bono ndi mkazi wake Ali adakagwira ntchito pafupifupi mwezi wathunthu pa malo osamalira ana amasiye ku Ethiopia. Mu 1986 gululi lidayenda mizinda ya ku America kuimbira bungwe la Amnesty International, ndipo Bono adakafika ku Nicaragua ndi ku El Salvador, kumene nkhondo zothandizidwa ndi boma la America zinkapha alimi. Zimene adaonazo zidalowa m'chimbale cha The Joshua Tree cha 1987, chimene chidagulidwa makope oposa 25 miliyoni, makamaka m'nyimbo za "Bullet the Blue Sky" ndi "Mothers of the Disappeared". Mu 1993, mzinda wa Sarajevo utazingidwa ndi adani, gululi linkaimitsa nyimbo kuti anthu a mu mzindawo alankhule okha kudzera pa kanema kwa makamu odzamvera nyimbo m'mabwalo a ku Ulaya, ndipo mu Seputembala 1997 lidakaimba mu mzindawo monga lidalonjezera. Kumeneko gululi lidachita chinthu chanzeru kopambana: lidapereka nsanja kwa eni nkhani.

Koma Live Aid idali ndi chilema chimene chidaoneka pambuyo pake. Idaphunzitsa anthu a ku Ulaya kuti njala ya ku Ethiopia idadza ndi chilala chokha, chikhalirecho nkhondo ya boma la Mengistu Haile Mariam ndi kusamutsa anthu mokakamiza zidakulitsa imfayo. Idasiyanso m'maganizo a anthu chithunzi cha Africa ngati mwana wotupa mimba wotambasula dzanja. Ndipo ndalama zonse zimene zidasonkhedwa zinkalingana ndi zimene maiko a mu Africa ankabweza kwa owakongoza m'sabata imodzi kapena ziwiri chabe. Bono ataimva mfundo yotsirizayi adasintha njira.

Ngongole ndi mankhwala

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mipingo ndi mabungwe a m'maiko ambiri adayambitsa Jubilee 2000, potsata chaka choliza lipenga cha pa Levitiko 25, pamene akapolo ankamasulidwa ndipo minda inkabwerera kwa eni ake. Cholinga chidali chakuti ngongole za maiko osauka zikhululukidwe, ndipo anthu oposa 20 miliyoni adasaina pempholi. Bono adalowa nawo, ndipo apa adachita chinthu chimene oimba otchuka sachita kawirikawiri: adakhala pansi kuphunzira. Adapita kwa katswiri wa zachuma Jeffrey Sachs kuti amvetse mmene ngongole zimayendera. Adakaonana ndi Papa John Paul II mu 1999. Adakafika ngakhale kwa Jesse Helms, phungu wa nyumba ya malamulo ya America wodziwika ndi kudana ndi chithandizo chopita kunja, nalankhula naye za mavesi a m'Baibulo onena za osauka. Mu 2000 nyumba ya malamuloyo idavomereza madola 435 miliyoni a ntchito yokhululukira ngongole.

Mu 2002 Bono adayenda ndi nduna ya zachuma ya America, Paul O'Neill, ku Ghana, South Africa, Uganda ndi Ethiopia, ndipo adathandiza kukhazikitsa bungwe la DATA, limene pambuyo pake lidaphatikizana ndi la ONE. Anzake ambiri adakhumudwa pomuona akujambulitsa ndi Pulezidenti George W. Bush, koma mu Januwale 2003 Bush adalengeza ndondomeko ya PEPFAR ya madola 15 biliyoni olimbana ndi Edzi pa zaka zisanu. Mu Julayi 2005 atsogoleri a maiko olemera a G8, atakumana ku Gleneagles m'dziko la Scotland, adavomera kufafaniza ngongole zimene maiko osauka adali nazo ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ku IMF ndi ku banki ya chitukuko ya mu Africa.

Zipatso zake zidafika mpaka kuno. Mozambique idamaliza ndondomeko yokhululukira ngongole mu 2001, Zambia mu 2005, ndipo Malawi mu 2006, pamene gawo lalikulu la ngongole yake yakunja ya madola pafupifupi 3 biliyoni lidafafanizidwa. Mu 2006 boma la Zambia lidathetsa malipiro a m'zipatala za kumidzi. Ku Malawi mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004 ndi ndalama za thumba la Global Fund, limene ntchito ya (RED), yoyambitsidwa ndi Bono ndi Bobby Shriver mu 2006, imasonkhako. Aliyense wokumbukira zaka zimene misika ya mabokosi a maliro inkachuluka m'mbali mwa misewu, pamene sukulu zinkataya aphunzitsi ndipo agogo ankalera zidzukulu zamasiye, sangapeputse ntchito imeneyi. Munthu amene ali moyo lero chifukwa cha mapiritsi sasamala kuti wogogoda pa chitseko cha Helms adavala magalasi amtundu wanji. Kalumo ka mlendo kadametadi.

Nanga eni ake adali kuti?

Vuto limayamba pamene nkhaniyi ifotokozedwa ngati kuti Africa idali chete kufikira woimba wa ku Dublin adatsegula pakamwa. M'zaka za m'ma 1980 Julius Nyerere wa ku Tanzania adali atafunsa kale ngati kuli koyenera kuti maiko osauka aphe ana awo ndi njala pofuna kubweza ngongole. Mu Julayi 1987 Thomas Sankara wa ku Burkina Faso adapempha atsogoleri anzake ku Addis Ababa kuti agwirizane kukana ngongolezo, ndipo adaphedwa patangopita miyezi itatu. Ku Zambia mipingo idayendetsa yokha ntchito ya Jubilee. Pa nkhani ya Edzi, bungwe la Treatment Action Campaign lidayamba ku South Africa mu 1998, ndipo mtsogoleri wake Zackie Achmat, ali ndi kachilombo, adakana kumwa mankhwala kwa zaka zingapo kufikira padaoneka chiyembekezo chakuti amphawi nawonso adzawalandira. Mwana wa zaka 11, Nkosi Johnson, adalankhula pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Durban mu 2000. Mu 2001 makampani 39 opanga mankhwala adasiya mlandu umene adasumira boma la South Africa, ndipo kampani ya Cipla ya ku India idatsitsa mtengo wa mankhwala a chaka chonse kufika pa madola 350, pamene kale unkaposa madola 10,000. Pakadapanda kutsika kwa mtengoku, ndalama za Bush zikadafikira anthu ochepa zedi.

Oimba nawonso adalipo, ndipo adalipira mtengo umene U2 sidalipirepo. Miriam Makeba adalankhula zotsutsa tsankho ku bungwe la United Nations mu 1963 ndipo adakhala zaka zoposa 30 osaponda kwawo. Fela Kuti wa ku Nigeria adaotcheredwa nyumba ndi asilikali mu 1977, ndipo amayi ake adaponyedwa pa zenera namwalira chaka chotsatira. Komabe pamene zikondwerero za Live 8 zidakonzedwa mu 2005 m'dzina la Africa, oimba a mu Africa adasowa pa ndandanda yoyamba ya ku London, ndipo anthu atadandaula adawakonzera malo awoawo kutali ku Cornwall. Uku kudali kulira maliro mwini wake atatsekeredwa kunja kwa siwa.

Odzudzula sadasowe. Mlembi wa ku America Paul Theroux, amene adaphunzitsapo ku Malawi m'zaka za m'ma 1960, adalemba mu nyuzipepala ya New York Times mu Disembala 2005 kuti chithandizo cha mtundu uwu chimafooketsa maiko, napereka Malawi ngati chitsanzo. Mu 2007 mtolankhani wa ku Uganda, Andrew Mwenda, adanena pa msonkhano wa ku Arusha kuti palibe dziko lidalemera ndi mbale yopemphera, ndipo Bono adamdula pakamwa ali pakati pa omvera. Mu 2009 katswiri wa zachuma wa ku Zambia, Dambisa Moyo, adatulutsa buku la Dead Aid, lodandaula kuti nkhani za tsogolo la Africa zasiyidwa m'manja mwa oimba. Anthuwa sadalondole pa zonse, pakuti wodwala amene akufa sabata ino sangadikire kuti chuma cha dziko chikule. Koma adalondola pa chinthu chimodzi chachikulu. Boma limene limapeza ndalama kwa alendo limaphunzira kuopa alendo koposa nzika zake, ndipo woimba wa kunja, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, palibe amene adamsankha ndipo palibe amene angamchotse.

Msonkho ndi mphatso yosapempha

Mu 2006 boma la Ireland lidaika malire pa lamulo lakale lokhululukira msonkho kwa olemba ndi opeka nyimbo, kuti ndalama zopitirira mayuro 250,000 pachaka zizidulidwa msonkho. Chaka chomwecho U2 idasamutsira ku Netherlands gawo la malonda ake a nyimbo, kumene msonkho wa ndalama zotere udali wotsika. Palibe lamulo lidasweka, ndipo gululi lidayankha kuti ndalama zake zambiri limazipeza kunja kwa Ireland. Koma chithandizo chimene Bono ankapempha maboma kuti aonjezere chimachokera m'msonkho wa namwino ndi woyendetsa basi, amene alibe njira yosamutsira malipiro ake ku Amsterdam. Ndiponso kuthawitsa phindu kupita kumene msonkho uli wochepa ndiyo njira imodzi imene makampani aakulu amasaukitsira maiko a mu Africa. Wolalikira kuti anthu asonkhe chimanga cha ku maliro sayenera kubisa nkhokwe yake kutsidya kwa mtsinje.

Gululi lidapunthwanso posankha ngwazi za kutali. Mu 2000 lidapeka nyimbo ya "Walk On" polemekeza Aung San Suu Kyi wa ku Myanmar, amene panthawiyo adali wotsekeredwa m'nyumba ndi asilikali. Koma iye atalowa m'boma sadateteze anthu a mtundu wa Rohingya pamene asilikali ankawapha ndi kuwapirikitsa mu 2017, ndipo U2 idavomera poyera kuti yakhumudwa. Ku Belfast gululi silikadalakwitsa chotere, pakuti anthu a kumeneko linkawadziwa.

Palinso kankhani kakang'ono kamene kakuonetsa khalidwe lonseli. Mu 2014 U2 idagwirizana ndi kampani ya Apple kuika chimbale cha Songs of Innocence mwaulere m'nkhokwe za nyimbo za anthu pafupifupi 500 miliyoni a pa iTunes popanda kuwafunsa. Anthu ambiri adakwiya, kampaniyo idakakamizika kupanga njira yochotsera chimbalecho, ndipo Bono adapepesa. Mphatsoyo idali yaulere, mwinanso yabwino, koma eni ake sadafunsidwe. Anthu a ku Ulaya ndi ku America adalawa tsiku limodzi chimene midzi yambiri ya mu Africa yakhala ikulawa kwa zaka zochuluka.

Mame akakamuka

Nthawi yaonetsa malire a ntchito ya mlendo. Ngongole zimene zidafafanizidwa zidameranso, ndipo mu Novembala 2020 Zambia idalephera kulipira owakongoza ake, patangopita zaka 15 chikhululukireni. Mu Januwale 2025 boma latsopano la America lidaimitsa mwadzidzidzi chithandizo chake cha kunja, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID lidatsekedwa, ntchito zambiri za zaumoyo m'maiko a kuno nizisokonekera. Chimene mtsogoleri wina wa ku Washington adapereka atagwidwa mtima, mtsogoleri wina adachibweza ndi cholembera chimodzi, ndipo panalibe nyimbo yoletsa zimenezo. Mlandu uwu si wa U2. Mu Epulo 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 mwa magawo 100 alionse a ndalama za boma ku zaumoyo, ndipo ndi maiko owerengeka okha amene adakwaniritsa. Zaka 20 zimene mlendo adagula ndi kalumo kake zidali nthawi yoti eni mudzi asule kawo.

Tsono chiweruzo cholungama pa gulu la U2 nchakuti liyamikidwe pa zimene lidachitadi, osaonjeza ndiponso osachotsa. Lidaimba zoona za dziko lakwawo panthawi imene zoonazo zidali zoopsa. Lidagwiritsa ntchito kutchuka kwake kutsegula zitseko zimene Nyerere ndi Achmat sakadatsegulidwa, ndipo anthu ali moyo chifukwa cha zimenezo. Lidalakwa pamene lidalola kuti nkhope yake iime m'malo mwa nkhope za eni nkhani, ndi pamene thumba lake silidatsate ulaliki wake.

Wachinyamata amene akuphunzira gitala ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete sangapindule potengera magalasi a Bono kapena maulendo ake a kwa mafumu a dziko. Chimene angatengeko chili ku Denver usiku wa Novembala 1987, pamene woimba adaimitsa nyimbo nauza anthu a mtundu wake mau amene sankafuna kumva. Ntchito imeneyo palibe mlendo angagwirire mudzi wa eni ake.